Mabedi Osinthika a M'zipatala: Kapangidwe Kake ndi Zimene Odikirira Odwala ku Machinga ndi Balaka Ayenera Kudziwa

Unduna wa Zaumoyo ukufuna kufotokozera anthu onse, makamaka a m'maboma a Machinga ndi Balaka, za mabedi a m'chipatala amene amatha kudzutsidwa kumutu, kupindidwa pamawondo, ndiponso kukwezedwa kapena kutsitsidwa. Nkhaniyi yalembedwera kwenikweni achibale amene amadikirira odwala m'mawodi, omwe ambiri timawatchula kuti magadiyani, pakuti namwino akachoka pa bedi lina kupita pa linzake, otsala pafupi ndi wodwala usana ndi usiku ndi iwowo.

Malinga ndi kalembera wa 2018, boma la Machinga linali ndi anthu oposa 735,000 ndipo la Balaka oposa 438,000. Mmodzi mwa anthu amenewa akadwala kwambiri, zipatala zazing'ono monga za Ntaja, Nayuchi, Chikweo, Phalula, Kalembo ndi Mbera zimamutumiza ku chipatala cha boma la Machinga, chimene chili ku Liwonde, kapena ku chipatala cha boma la Balaka. Matenda akakula kuposa apo, ulendo umapitirira ku chipatala chachikulu cha Zomba. Achibale ambiri amayamba kuona bedi lokhala ndi zopukusira, mabuleki ndi zitsulo za m'mbali tsiku limene m'bale wawo wagonekedwa, pamene mitima ili m'mwamba ndipo palibe mpata wophunzira modekha.

Mfundo yaikulu ndi imodzi. Bedi lotere ndi chida chothandizira kuchiza, monga momwe alili makina a okosijeni kapena botolo la diripu. Dokotala akanena kuti wodwala agone mutu uli pamwamba, kapena kuti agone chagada osadzutsidwa konse, mawuwo ali ndi mphamvu yofanana ndi mankhwala olembedwa pakhadi. Kusintha kagonedwe kameneko popanda kufunsa kungabweze m'mbuyo ntchito ya masiku ambiri.

KUMENE BEDI LOTERE LINACHOKERA

Kale mabedi a m'zipatala anali athyathyathya ngati a kunyumba, ndipo wodwala wofunika kudzutsidwa ankamutsamiritsa pa mapilo kapena pa munthu mnzake. Cha m'ma 1900, dokotala wa opaleshoni wa ku Brooklyn mumzinda wa New York, George Ryerson Fowler, anaona kuti odwala amene anali ndi mafinya m'mimba ankapeza bwino akagonekedwa mutu ndi chifuwa zili pamwamba. Mpaka lero anamwino amatchula kagonedwe kameneka ndi dzina lake. M'chaka cha 1909, dokotala wina, Willis Dew Gatch, amene panthawiyo anali pa chipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore, anafotokoza za bedi logawidwa patatu: potsamira msana, pa ntchafu ndi pa miyendo. Pafupifupi mabedi onse osinthika amene tili nawo lero anachokera pa nzeru imeneyo. Oyendera magetsi anabwera pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, koma mafupa a bedilo ndi omwe aja: pogonera popindika, ndi njira yopindira popanda kunyamula wodwala.

ZIGAWO ZA BEDI NDI NTCHITO ZAKE

Pogonera. Pansi pa matiresi pali chitsulo chogawidwa pawiri, patatu kapena panayi, cholumikizidwa ndi mahinjesi. Chigawo cha kumutu chimadzuka kuchokera m'chiuno. Chapakati, pamene pamakhala matako, sichisuntha. Cha ntchafu chimakwera n'kupinda mawondo, ndipo cha miyendo chimatsatira. Chitsulochi chimakhala ndi timabowo kapena mipata kuti mpweya uzifika kunsi kwa matiresi ndi kuti madzi otsukira asamakhalire pamenepo.

Zopukusira. Mabedi ambiri a m'zipatala za m'maboma amasinthidwa ndi manja. Kumiyendo kwa bedi kumakhala chopukusira chimodzi, ziwiri kapena zitatu. Chikakhala chimodzi, ntchito yake ndi kudzutsa msana. Zikakhala ziwiri, chinacho chimapinda mawondo. Chachitatu chimakweza kapena kutsitsa bedi lonse. M'kati mwake muli chitsulo chachitali cha mazinga ngati bawuti, chimene chikamazungulira chimakankha pogonera pang'onopang'ono, ndipo chikasiyidwa chimagwira pomwepo osabwerera. Chopukusira chikafika pamapeto chimalimba. Kuchikakamiza kupitirira apo kumadya mazinga aja, ndipo umo ndimo mabedi ambiri amafera. Mukamaliza kupukusa, chipindireni m'kati mwa bedi kuti odutsa asapunthwepo, makamaka usiku.

Kukwera ndi kutsika. Mabedi amene ali ndi mbali imeneyi amatsika kufika pafupifupi masentimita 40 kapena 50 kuchokera pansi, ndipo amakwera kufika pafupifupi masentimita 80. Bedi limakwezedwa pamene namwino akutsuka chilonda, akusambitsa kapena akutembenuza wodwala, kuti asapweteke msana ndi kuwerama. Ntchito ikatha liyenera kutsitsidwa, kuti wodwala akafuna kutsika mapazi ake afike pansi bwinobwino, ndi kuti akagwa asagwe kuchokera patali.

Mabedi a magetsi. Amenewa amapezeka kwambiri m'zipinda za odwala mwakayakaya. M'malo mwa zopukusira ali ndi timainjini tating'ono ndi kabokosi ka mabatani. Ena ali ndi batire, ndipo ambiri ali ndi chogwirira chapadera chimene namwino amakoka kuti msana wa bedi ugone mwamsanga wodwala akasiya kupuma. Chogwirira chimenechi si cha gadiyani. Ubwino wa bedi la magetsi ndi wakuti wodwala amene ali ndi nzeru zake amatha kudzisinthira yekha kagonedwe. Kuipa kwake tonse tinakuona pamene namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kukhala ndi vuto la kuzimazima kwa magetsi kwa nthawi yoposa chaka. Bedi lopukusa ndi manja silidikira magetsi, ndipo amisiri athu amatha kulikonza ndi zipangizo zopezeka pafupi. Choncho musaganize kuti m'bale wanu wapatsidwa bedi lotsika chifukwa chakuti lilibe mabatani.

Matayala ndi mabuleki. Matayala anayi amathandiza kupita ndi wodwala ku chipinda cha opaleshoni kapena kojambula popanda kumunyamula. Nthawi ina iliyonse mabuleki ayenera kukhala omanga. Wodwala wofooka akatsamira pa bedi losamangidwa mabuleki, bedilo limathawa, iye n'kugwa, ndipo kwa munthu wachikulire kugwa kotero kumatha kuthyola fupa la m'chiuno.

Zitsulo za m'mbali. Zimenezi zimateteza wodwala amene wakomoka, amene akudzuka ku mankhwala a opaleshoni kapena amene akugwa khunyu kuti asagubuduke n'kugwa. Muyezo wa mayiko onse wa kapangidwe ka mabedi a m'chipatala, wotchedwa IEC 60601-2-52, umafuna kuti mipata ya m'zitsulozi isafike masentimita 12, kuti mutu wa munthu usalowemo, ndiponso kuti chitsulo chitalike masentimita osachepera 22 pamwamba pa matiresi. Pali chenjezo limene anthu ambiri salidziwa: kwa wodwala amene wasokonezeka mutu koma ali ndi mphamvu, zitsulozi zimatha kuonjezera ngozi, chifukwa amayesa kukwera pamwamba pake n'kugwa kuchokera patali kuposa kale. N'chifukwa chake wosankha kuzikweza kapena kuzitsitsa ndi namwino. Kumangirira wodwala ku zitsulozi ndi chitenje kapena chingwe n'koopsa ndipo sikuloledwa.

Matiresi. Matiresi a m'chipatala ndi a siponji, okutidwa ndi chikuto chosalowa madzi, ndipo amapindika pamodzi ndi bedi. Ayenera kukwanira bedilo ndendende. Akachepa, pamatsala mpata pakati pa matiresi ndi chitsulo cha m'mbali, pamene dzanja, khosi kapena chifuwa cha wodwala wofooka chingapanikizike. Chikuto chikang'ambika, magazi, mkodzo ndi mafinya zimalowa m'siponji momwe sizingatsukikenso, ndipo wodwala wotsatira amagonera pa matenda a mnzake. Ming'alu yomweyo ndiyo imasunga nsikidzi.

Chitsulo cha diripu ndi pomangirira neti. Botolo la diripu liyenera kukhala pamwamba pa wodwala kuti madzi azitsika okha, pamene thumba la mkodzo liyenera kupachikidwa m'munsi mwa chiuno chake, losakhudza pansi, kuti mkodzo usabwerere m'thupi. Chitsulo cha diripu sichopachikapo zikwama kapena majumbo a chakudya. Kunena za neti, aliyense wokhala m'mphepete mwa Shire kapena kufupi ndi nyanja za Chilwa, Chiuta ndi Malombe akudziwa kuchuluka kwa udzudzu. Neti iyenera kutsitsidwa madzulo aliwonse, koma muzionetsetsa kuti sinakodwe m'mahinjesi musanapukuse bedi, ndiponso kuti sikupinda paipi ya diripu kapena ya okosijeni.

CHIFUKWA CHAKE KAGONEDWE KALI MANKHWALA

Anamwino amayeza kudzuka kwa bedi ndi madigiri. Munthu akagona chagada pamalo athyathyathya ali pa madigiri 0, ndipo akakhala tsonga, msana uli chilili, ali pa madigiri 90. Motero madigiri 45 ndi theka la ulendo wochoka pogona kufika pokhala tsonga, ndipo madigiri 30 ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a ulendowo. Mukamva namwino akutchula manambala amenewa, mupempheni akusonyezeni pa bedi lenilenilo, ndipo muike chizindikiro m'maso mwanu.

Kupuma. Pakati pa chifuwa ndi mimba pali mnofu wopyapyala umene umatsika munthu akamakoka mpweya. Munthu akagona chagada, za m'mimba zimakankha mnofuwo m'mwamba ndipo mapapo amachepa malo. Wathanzi sazindikira n'komwe, koma wodwala chibayo, mphumu kapena mtima umene walephera kupopa bwino magazi amabanika. Akadzutsidwa kufika madigiri 45 kapena kuposa, za m'mimba zimatsika, mapapo amatambasuka, ndipo okosijeni amene akulandira amagwira bwino ntchito. Gadiyani amene wagoneka wodwala wotere chagada usiku pomumvera chisoni kuti apumule, amakhala atamuonjezera ntchito yopuma.

Kudya ndi kumwa. Wodwala amene wafa ziwalo chifukwa cha sitiroko, kapena amene wafooka kwambiri, nthawi zambiri samameza bwino. Akamwetsedwa phala ali chigonere, lina limalowera kunjira ya mpweya n'kukafika m'mapapo, kumene limayambitsa chibayo choopsa. Nthawi zina izi zimachitika wodwalayo osatsokomola n'komwe. Pomudyetsa, bedi lidzutsidwe kuti akhale tsonga momwe angathere, apatsidwe pang'onopang'ono, ndipo akhalebe chodzuka kwa mphindi zosachepera 30 atamaliza. Wodyera m'paipi ya m'mphuno amasungidwa pa madigiri 30 mpaka 45. Wodwala amene wakomoka kapena akusinza asapatsidwe kanthu kalikonse pakamwa.

Zilonda za pabedi. Munthu akagona malo amodzi nthawi yaitali, khungu limene lapanikizika pakati pa fupa ndi matiresi limasowa magazi ndipo limayamba kufa. Malo oopsa kwambiri ndi fupa la kumunsi kwa msana, m'mbali mwa chiuno, zidendene, akakolo, zigongono, mapewa ndi kunkhongo. Pakhungu lakuda chizindikiro choyamba sichioneka chofiira monga amalembera mabuku akunja. Malowo amada kuposa khungu loyandikana nalo, amatentha, amalimba kapena kutupa pang'ono, ndipo wodwala amamva kuwawa akakhudzidwa. Kutentha kwa ku Balaka ndi Liwonde m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kumaonjezera vutoli, pakuti khungu lonyowa ndi thukuta silichedwa kunyuka. Chilonda chotere chimayamba m'maola ochepa, koma chikazama chimatenga miyezi kuti chipole, ndipo chimatha kulowetsa matenda m'magazi.

Apa m'pamene gadiyani ayenera kumvetsa bwino, chifukwa bedi lomwelo limene limathandiza kupuma lingathenso kuyambitsa chilonda. Msana wa bedi ukadzutsidwa kwambiri, thupi limatsetsereka kulowera kumiyendo pamene khungu la kumatako lakakamira pa nsalu. Mnofu wa m'kati umakokeka ndipo timitsempha ta magazi timaphwanyika. Ntchito ya chigawo cha mawondo ndi kuletsa kutsetsereka kumeneku. Choncho yambani mwapinda mawondo pang'ono, kenaka dzutsani msana. Ngati palibe chifukwa cha kupuma kapena kudya, wodwala wosatha kudzisuntha asakhalitse pamwamba pa madigiri 30. Akatsetsereka, musamukoke m'khwapa. Gonekani bedi, itanani mnzanu, ndipo mumunyamule ndi nsalu imene wagonera.

Bedi ngakhale likhale lamakono chotani, silichotsa udindo womutembenuza wodwala. Lamulo lodziwika ndi lakuti wosatha kudzitembenuza asinthidwe kagonedwe maola awiri aliwonse, usana ndi usiku: kumanzere, chagada, kumanja. Ikani pilo pakati pa mawondo ndi pansi pa akatumba a miyendo kuti zidendene zilendewere osakhudza matiresi. Nsalu ikhale youma, yopanda makwinya ndi nyenyeswa za chakudya. Mukaona malo amene ayamba kusintha mtundu, musawatikite. Uzani namwino tsiku lomwelo.

Amene sayenera kupukusiridwa bedi. Wodwala amene akuganiziridwa kuti wathyoka msana kapena khosi amagona chagada mowongoka, ndipo kumudzutsa kungachititse kuti afe ziwalo moyo wake wonse. Wovulala m'mutu nthawi zambiri amasungidwa pa madigiri 30, ndipo sayenera kutsitsidwa kapena kukwezedwa mwachisawawa. Amene wangochoka ku opaleshoni ali ndi malangizo akeake. Kupendeketsa bedi lonse kuti mutu ukhale m'munsi ndi miyendo m'mwamba ndi ntchito ya achipatala okha. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Funsani musanagwire chopukusira.

MABEDI A NTCHITO ZAPADERA

Bedi la kolera. Anthu a ku Machinga akukumbukira kuti mliri wa kolera wa 2022 unayambira m'boma lawo, ndipo unalengezedwa m'mwezi wa Malichi chaka chimenecho. Pofika 2023 unali utafalikira dziko lonse n'kupha anthu oposa 1,700. Bedi logwiritsidwa ntchito pa matendawa ndi losavuta kapangidwe: lili ndi chikuto cha pulasitiki ndi bowo pakati, ndipo pansi pa bowolo pamaikidwa ndowa. Ndowa ina imakhala pambali, yosanziramo. Ena amaliona ngati lonyozetsa, koma bowolo lili ndi ntchito ziwiri zazikulu. Wodwala wofooka safunika kudzuka kupita kuchimbudzi, ndipo achipatala amatha kuona kuchuluka kwa madzi amene akutaya kuti am'bwezere okwanira. Zotuluka m'thupi zimathiridwa kolorini zisanatayidwe, ndipo bedilo limatsukidwa ndi madzi a kolorini wodwala wina asanagonepo.

Bedi la othyoka mafupa. Misewu ya M1, M3 ndi M8 imene imadutsa m'maboma awiriwa, pamodzi ndi kuchuluka kwa njinga zamoto za kabaza, imabweretsa ovulala ambiri m'mawodi. Wothyoka fupa la ntchafu nthawi zina amagonekedwa pa bedi lokhala ndi chingwe, kagudumu ndi cholemera chimene chimakoka mwendo kuti fupa likhale mowongoka pamene likulumikizana. Kumiyendo kwa bedi kumakwezedwa pang'ono kuti thupi la wodwala likokere mbali inayo. Cholemeracho chiyenera kulendewera nthawi zonse. Kuchikhazika pansi kapena pa mpando kuti wodwala apumeko kumalola minofu kukoka mafupa, ndipo mwendo umatha kupola uli wofupika kapena wokhota.

Mabedi a amayi ndi ana. Bedi lochilira lili ndi potsamira podzuka, zogwirira ndi chigawo cha kumiyendo chimene chimachotsedwa kuti mzamba agwire bwino ntchito. Mayi amene wabereka mwana wosakwana masiku amaphunzitsidwa kumusunga pachifuwa, khungu kukhudza khungu, njira imene imatchedwa kangaru ndipo kuno kwathu inayambira pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Mayi wotere amagona chotsamira kuti mwana akhale choimirira pachifuwa pake, ndipo bedi lodzuka kumsana limamuthandiza kugona tulo osamuchotsa mwanayo. Mabedi a ana ali ndi zitsulo zazitali zoimirira. Mukachokapo ngakhale kwa kamphindi, kwezani chitsulo ndipo mumve kuti chagwira.

NDANI AMAGONA PA BEDI LOSINTHIKA

Mabedi osinthika ndi ochepa poyerekeza ndi odwala, ndipo m'nyengo ya dzinja, pamene malungo ndi matenda otsegula m'mimba achuluka, mawodi amadzaza. Choncho achipatala amagawa mabediwa potengera kukula kwa vuto: wobanika, wokomoka, wochoka ku opaleshoni ndi wosatha kudzitembenuza ndiwo amayamba. Zimachitika kuti wodwala amene wayamba kupeza bwino amasamutsidwira pa bedi wamba kuti apereke malo kwa mnzake amene wafika ali mwakayakaya. Kumeneko si kunyozedwa. Dzulo bedi lomwelo linapatsidwa kwa m'bale wanu pa chifukwa chomwecho.

Bedi la m'wodi wamba ya chipatala cha boma silogulitsa. Wina akakuuzani kuti mupereke ndalama kuti m'bale wanu apatsidwe bedi labwino, kanani, ndipo kanenani kwa mkulu wa anamwino kapena ku ofesi ya ombudsman wa pachipatalapo, amene ntchito yake ndi kulandira madandaulo a odwala ndi achibale awo.

KUSAMALA MABEDI

Bedi limodzi losamalidwa bwino limatumikira anthu mazanamazana pa zaka zambiri. Likathyoka, wina amagona pansi. Unduna ukupempha odikirira odwala ndi odzazonda matenda kuti atsatire izi:

1. Musakhale pa chigawo cha msana kapena cha miyendo chikakhala chodzuka, ndipo musaunjikane pa bedi pa nthawi yoona odwala. Bedi lililonse lili ndi malire a kulemera kumene lingasenze.

2. Musaike mapoto, ndowa, mbaula kapena katundu pansi pa bedi. Likamatsika limaphwanya katunduyo kapena kupindika zitsulo zake, ndipo oyeretsa amalephera kukolopa.

3. Musanapukuse kapena kudina batani, onani kumene kuli manja ndi mapazi a wodwala, mapaipi onse, ndi ana amene angakhale pafupi.

4. Musayanike zovala zonyowa pa zitsulo za bedi. Chinyezi chimabweretsa dzimbiri, ndipo dzimbiri limaumitsa mahinjesi.

5. Musaboole chikuto cha matiresi ndi mapini, lezala kapena mpeni, ndipo musaikepo poto wotentha.

6. Pa bedi la magetsi, musazule pulagi yake kuti mutchaje foni, ndipo musathire madzi pa mabatani kapena pa mawaya.

7. Mukaona buleki yosagwira, chitsulo chogwedera, chopukusira cholimba kapena chikuto chong'ambika, uzani namwino nthawi yomweyo. Musamange ndi waya kapena mphira. Pachipatala pali amisiri okonza zipangizo, amene amagwira ntchito mogwirizana ndi nthambi ya Unduna yoona za katundu ndi zipangizo za m'zipatala, yotchedwa Physical Assets Management. Vuto laling'ono likanenedwa msanga limafuna girizi kapena bawuti imodzi basi.

KWA OFUNA KUPEREKA MABEDI

Unduna umayamikira mipingo, mizikiti, makampani, mabungwe ndi ana a m'maboma awiriwa okhala ku Joni ndi kumayiko ena amene amafuna kuthandiza zipatala za kwawo. Pempho ndi lakuti musanagule kapena kutumiza, kambiranani ndi mkulu wa zaumoyo ku khonsolo ya boma limene mukufuna kuthandiza. Magetsi a kuno ndi a mavoti 230, pamene mabedi ambiri ochokera ku America anapangidwira mavoti 120. Bedi lotere likalumikizidwa mosasamala limapsa tsiku loyamba. Funsani ngati bedilo likubwera ndi matiresi ake, buku la malangizo ndi zipangizo zosinthira, ngati lingalowe pakhomo la wodi, ndiponso ngati lingagwire ntchito magetsi atazima. Kawirikawiri mabedi khumi olimba a zopukusira ziwiri amathandiza wodi kuposa limodzi lamakono limene palibe angalikonze likawonongeka.

WODWALA AKATULUKA M'CHIPATALA

Mabanja ambiri sangathe kugula bedi lotere, ndipo ambiri salifunikira. Chofunika kupita nacho kunyumba ndi nzeru yake. Potsamira pangapangidwe ndi mpando wogonekedwa chafufumimba, msana wake utapendekeka, n'kuyalapo mapilo kapena bulangeti lopinda. Pilo woikidwa pansi pa mawondo amagwira ntchito ya chigawo chopinda chija. Wodwala wogona pamphasa kapena pamkeka ayalidwire chofewa, pakuti pansi polimba chilonda sichichedwa. Malamulo aja sasintha: kumudzutsa pomudyetsa, kumutembenuza maola awiri aliwonse, kuyang'ana khungu lake tsiku ndi tsiku, ndi kumugoneka m'neti. Musanachoke m'wodi, pemphani namwino kuti akuonetseni katembenuzidwe koyenera, ndipo muyeserere iye akuona. Ntchitoyi ndi yolemetsa kwa munthu mmodzi, choncho banja ligawane maola kuti wosamalayo naye asadwale.

Mukakhala ndi funso muli kumudzi, funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, pitani ku chipatala chimene muli nacho pafupi, kapena imbani foni kwaulere kuti mulankhule ndi a Chipatala Cha Pa Foni, ntchito imene inayambira m'boma la Balaka mu 2011 ndipo tsopano ikutumikira dziko lonse.

Unduna ukupempha mafumu, atsogoleri a zipembedzo ndi makomiti a zipatala ku Machinga ndi Balaka kuti afikitse uthengawu kwa anthu awo.

Ofesi Yofalitsa Nkhani
Unduna wa Zaumoyo
Lilongwe